Sikuti waledzera: mankhwala a khunyu akachuluka m'thupi

Pa odwala onse amene amafika kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi usiku wa Loweruka, wosavuta kumuweruza ndi uja wobwera ali dzandidzandi, lilime litalemera, abale atamugwira mbali iyi ndi iyo. Anthu a pabenchi amakhala atamupima kale namwino asanamufikire: kachasu. Nthawi zambiri amalondola. Koma pakati pa odzandirawo pamakhala ena amene mowa sanaulawe n'komwe. Amamwa mapiritsi a khunyu mokhulupirika m'mawa ndi madzulo monga adawauzira kuchipatala, ndipo ndi mapiritsi omwewo amene achuluka m'magazi mpaka kusanduka poizoni.

Munthu wotereyu ali pangozi ziwiri. Akhoza kusiyidwa pabenchi kuti mowa umuchoke, pamene mowa mulibe. Kapena, poona kuti ndi wa matenda akugwa ndipo mutu wake sukuyenda bwino, akhoza kuganiziridwa kuti matenda akula, n'kumuonjezera mankhwala omwe akumupwetekawo. Yachiwiriyi ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imachitika ndi mtima wofuna kuthandiza.

Nkhaniyi si yaing'ono. Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni odwala khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso 70 mwa 100 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atalandira chithandizo choyenera. Kwathu kuno chithandizocho chakhala chikudalira mankhwala anayi akale: phenobarbital, phenytoin, carbamazepine ndi sodium valproate. Onse anayi amagwira ntchito, apulumutsa anthu osawerengeka kumoto, kumadzi ndi kumanyazi. Komanso onse anayi ali ndi khalidwe limodzi: mulingo wochiritsa ndi mulingo wopweteka zili moyandikana kwambiri.

Chiwindi chikafika pomwe chimalekezera

Wovuta kumvetsa koposa ndi phenytoin. Adapangidwa koyamba mu 1908 ku Germany ndi katswiri wina, Heinrich Biltz, ndipo adakhala zaka makumi atatu osadziwika ntchito yake. Mu 1938 madokotala awiri a ku Boston, Houston Merritt ndi Tracy Putnam, adaonetsa kuti amaletsa kugwa popanda kugonetsa munthu monga amachitira phenobarbital, amene Alfred Hauptmann adayamba kuthandizira odwala khunyu mu 1912. Chidali chinthu chachikulu: munthu ankatha kumwa mankhwala n'kupitabe kuntchito ali maso.

Vuto lake lagona m'chiwindi. Mankhwala ambiri thupi limawachotsa molingana ndi kuchuluka kwake. Mukamwa ambiri, chiwindi chimafulumiranso. Phenytoin satero. Taganizirani chigayo cha pamsika chimene chimatha matumba khumi pa ola. Akamabwera asanu ndi atatu, pakhomo pamakhala mbee. Akamabwera khumi, chikukwanitsabe. Koma akangoyamba kubwera khumi ndi awiri, chigayocho sichingathamange kuposa pamenepo, ndipo matumba awiri otsala ola lililonse amaunjikana mpaka madzulo podutsa palibe. Chiwindi chimagaya phenytoin motero, ndipo kwa anthu ambiri chimafika pomwe chimalekezera mankhwalawo ali pamulingo wochiritsa womwewo.

N'chifukwa chake kuchoka pa mapiritsi atatu a 100 mg patsiku kupita pa anayi, komwe kumaoneka ngati kuonjezera pang'ono, kukhoza kuchulukitsa mankhwala m'magazi kawiri kapena kuposa. Mabuku a zachipatala amalangiza kuti munthu akayandikira mulingo woyenera, aonjezeredwe 25 mg kapena 50 mg basi. Ndipo kuunjikanako sikuchitika tsiku limodzi. Pamatha sabata imodzi, ziwiri, mwina kuposa. Pofika tsiku limene munthu wayamba kupepesuka, banja lidaiwala kale kuti mwezi watha adokotala adati aonjezere piritsi limodzi, ndipo palibe amene amalumikiza zinthu ziwirizo.

Kumene kuli makina oyezera, mulingo wofunika ndi 10 mpaka 20 mg pa lita imodzi ya magazi. Ukadutsa 20, maso amayamba kunjenjemera munthu akayang'ana kumbali. Ukadutsa 30, amayenda modzandira, amalankhula mokoka, manja amaphonya kapu. Kupitirira 40 amangosinza ndi kusokonezeka mutu, ndipo ukakwera kwambiri akhoza kukomoka osatsitsimuka. Chodabwitsa n'chakuti pamulingo wokwera chonchi mankhwala oletsa kugwa akhoza kuyambitsa kugwa komwe. Manambalawa sakhala chimodzimodzi kwa aliyense, koma ndondomeko ya zizindikiro, kuyambira m'maso, kupita kumiyendo ndi lilime, kukathera ku tulo, ndi yodziwika bwino.

Kusiyana kwa mulingo wochiritsa ndi wopweteka n'kochepa bwanji? Mu 1968 madokotala a mumzinda wa Brisbane ku Australia adayamba kulandira odwala khunyu ambiri akudzandira ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, onse ali pamulingo womwe adakhala akumwa kwa nthawi yaitali. Palibe adaonjezera piritsi. Zidapezeka kuti kampani yopanga makapisozi idasintha ufa wongodzazira m'kati, kuchotsa calcium sulfate n'kuika lactose. Phenytoin adali yemweyo, muyeso womwewo, koma tsopano ankalowa m'magazi wambiri kuposa kale. John Tyrer ndi anzake adalemba za nkhaniyi mu 1970, ndipo mpaka lero ophunzira za mankhwala amaiphunzira. Ngati ufa wodzazira wokha udakwanitsa kugwetsa anthu, kuli bwanji wodwala amene mwezi uno walandira mapiritsi a kampani ina, mwezi wamawa a ina, mwezi winawo wakagula kufamase chifukwa kuchipatala adatha?

Pamene mankhwala akumana m'thupi limodzi

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhala yathu kwenikweni. Wodwala khunyu wa kuno kawirikawiri samwa mankhwala a khunyu okha. Matenda ambiri amene amachititsa munthu wamkulu kuyamba kugwa, monga TB ya muubongo kapena matenda oumitsa khosi a cryptococcus kwa amene ali ndi HIV, amabwera ndi mankhwala awo, ndipo mankhwalawo amadutsa m'chiwindi chomwecho.

Isoniazid, amene ali m'mankhwala a TB komanso amaperekedwa poteteza TB, amachedwetsa kugayidwa kwa phenytoin ndi carbamazepine. Fluconazole, amene munthu wochira ku cryptococcus amamwa miyezi yambiri, amachitanso chimodzimodzi. Bakitirimu, amene pafupifupi aliyense wa pa ma ARV amamudziwa, akhoza kukweza phenytoin. Metronidazole, yemwe anthu amangogula akatsegula m'mimba, cimetidine wa zilonda za m'mimba, erythromycin kwa amene ali pa carbamazepine: onsewa amapanikiza njira imodzi. Rifampicin amakokera kwina, amafulumizitsa chiwindi n'kutsitsa phenytoin. Ndiye munthu amene adamuonjezera mapiritsi ali pa mankhwala a TB, akamaliza miyezi isanu ndi umodzi n'kusiya rifampicin, mulingo womwe udali woyenera uja umasanduka wochuluka pakangopita masabata ochepa. Iye akusangalala kuti wamaliza TB, osadziwa kuti china chayamba.

Kusokonezanaku kumapitanso mbali inayo. Phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbital amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene kuyambira 2019 ndiye msana wa ma ARV a anthu ambiri m'Malawi, ndipo amafooketsa njira zina zolerera monga mapiritsi ndi ya pamkono. Izi si poizoni, koma gwero lake ndi limodzi: kiliniki ya ma ARV ili ndi khadi lake, ya TB ili ndi lake, ya khunyu ili tsiku lina m'chipinda china, ndipo malo okha amene mankhwala onsewa amakumana ndi m'thupi la wodwala.

Pali chinanso chimene ngakhale makina oyezera akhoza kubisa. Pafupifupi 90 mwa magawo 100 a phenytoin wa m'magazi amakhala atamatirira ku puloteni yotchedwa albumin, ndipo amene amagwira ntchito muubongo ndi gawo lotsala loyenda lokhalo. Munthu wonyentchera, wa matenda a chiwindi kapena impso, wokalamba, mayi woyembekezera, amakhala ndi albumin wochepa kapena wosagwira bwino. Gawo loyenda lokha lija limakula. Zotsatira za kulabu zikhoza kunena 15, nambala yooneka yabwinobwino, munthu ali chidzandirire. M'mawodi athu anthu oonda ndi matenda a nthawi yaitali ndi ambiri, kotero mulingo wolembedwa m'buku poganizira munthu wa makilogalamu 70 wodya katatu patsiku suyenera kungokopedwa.

Jakisoni wofulumira

Phenytoin wakumwa, ngakhale atachuluka, kawirikawiri sapha. Choopsa chake chachikulu n'chakuti munthu amagwa n'kumenyetsa mutu, kapena amatsamwa ndi masanzi ali mtulo. Wa mumtsempha ndi nkhani ina, ndipo poizoni wake amachitikira m'chipatala momwemo.

Munthu akagwa n'kumaphupha kupitirira mphindi zisanu osaleka, moyo wake uli pachiswe. Amayamba kupatsidwa diazepam, ndipo zikakanika pamafunika mankhwala achiwiri. Chipindacho chimakhala chili piringupiringu: abale akulira pakhomo, thovu kukamwa, wina wagwira mkono kuti kanyula isatuluke, ndipo aliyense akufuna kuti kuphuphako kuleke msanga. Phenytoin ndiye safuna changu. Kwa munthu wamkulu sayenera kulowa mopitirira 50 mg pa mphindi, ndipo kwa okalamba ndi a vuto la mtima amachepetsanso. Munthu wa makilogalamu 60 wofunika 1,200 mg ayenera kulandira mankhwalawo kwa mphindi zosachepera 24. Akalowa mothamanga, BP imagwa, mtima umasokonekera kagundidwe, ndipo ukhoza kuima. Mbali ina ya vutoli imachokera ku propylene glycol, madzi amene amasungunulira mankhwalawo.

Jakisoniyu ndi waukalinso ku mnofu. Akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha, ndipo nthawi zina dzanja lonse limatupa, kuda ndi kupweteka, moti ena adulidwapo zala. Akasakanizidwa ndi dilipi ya shuga amaundana timibulu, choncho amafuna dilipi ya mchere. Izi sizichitika kumaiko osauka okha. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo ku England adatumiza chenjezo kuzipatala zonse za boma pa imfa ndi kuvulala kobwera chifukwa cha zolakwika pobaya phenytoin. Chimodzi mwa zolakwika zodziwika bwino pa mankhwalawa ndi kupereka mulingo wonse woyambira kwa munthu amene amamwa kale phenytoin kunyumba, popanda kufunsa. Ngati amene ali ndi mapampu owerenga dontho lililonse amaphonya, namwino amene ali yekha usiku ndi odwala makumi angapo, akuwerenga madontho ndi wotchi ya pafoni, tisamuloze chala. Timupatse tchati pakhoma ndi munthu wachiwiri wotsimikizira masamu.

Phenobarbital ali ndi ngozi yake, ndipo phunziro lake lidachokera kwa ana a mu Africa muno. Mu 2000 Jane Crawley ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ku Kilifi, ku Kenya, pa ana 340 odwala malungo a muubongo. Theka adabayidwa phenobarbital wa 20 mg pa kilogalamu kuti asakomoke, theka ayi. Kukomoka kudachepadi. Koma mwa obayidwawo adamwalira 18 pa 100 alionse, pamene mwa enawo adamwalira 8. Ngozi idali yaikulu kwambiri kwa ana amene adalandiranso diazepam katatu kapena kuposa. Mankhwala awiriwa akaphatikizana amafooketsa kupuma, ndipo kumene kulibe makina opumitsira mwana amangozima. Ndi chifukwa chake funso lakuti kuchipatala chaching'ono adamubaya kangati asanamutumize kuchipatala chachikulu ndi lofunika kwambiri, ndipo kalata yotumizira wodwala yopanda nthawi ndi mulingo wa jakisoni ndi kalata yosatha.

Carbamazepine ndi valproate tiwadutse mwachidule, ngakhale aliyense ali ndi zake. Carbamazepine akachuluka amabweretsa chizungulire, kuona ziwiriziwiri, kusanza ndi tulo. Amatsitsa mchere wa sodium m'magazi, makamaka kwa okalamba. Ndipo womwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi akhoza kuoneka ngati akutsitsimuka kenaka n'kubwereranso chikomokere, chifukwa mapiritsiwo amachedwa m'matumbo n'kumalowa pang'onopang'ono. Wotereyu sabwezedwa kunyumba chifukwa choti watsegula maso. Valproate akhoza kukweza ammonia m'magazi n'kusokoneza mutu ngakhale mulingo uli woyenera, akhoza kuononga chiwindi makamaka mwa ana aang'ono, ndipo kwa mayi woyembekezera ngozi yake ndi yaikulu: pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi amabadwa ndi chilema.

Palinso poizoni wina wosadalira kuchuluka. Munthu amene wangoyamba carbamazepine, phenytoin kapena phenobarbital m'miyezi iwiri yapitayi, akatentha thupi, kutuluka totupa, zilonda m'kamwa ndi m'maso, khungu n'kuyamba kusupuka, ameneyo si wa chikuku kapena wa ziwengo wamba. Ndi matenda amene madokotala amawatcha Stevens-Johnson, ndipo amapha. Apa piritsi lotsatira lisamwedwe, munthu athamangire kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamusinthire mankhwala ena.

Labu imene ilipo ndi maso ndi mafunso

Kuyeza mulingo wa mankhwalawa m'magazi si chinthu chopezeka m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo ngakhale kumene kuli makina, zotsatira zikhoza kubwera chisankho chitapangidwa kale. Zimenezi zisatigwetse ulesi, chifukwa poizoni wa phenytoin amaonekera kunja kwa amene akumufunafuna.

Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 40 ali pamachira, akazi awo ataima chapafupi atagwira jumbo. Dokotala wodziwa ntchito amayamba wanunkhiza mpweya wa m'kamwa, n'kuyeza shuga pachala, pakuti shuga wotsika amanamizira matenda onse. Kenaka amaimika chala patsogolo pa nkhope. "Bambo, mutu usatembenuke, tsatirani chala changa ndi maso okha." Chala chikapita kumanzere, maso amatsatira, koma pofika kumapeto sakhazikika: amabwerera pang'ono n'kudumphiranso komweko, mobwerezabwereza. "Gwirani mphuno yanu, kenaka chala changa." Dzanja limanjenjemera likayandikira, n'kuphonya. Akakweza mlomo wa m'mwamba amapeza nkhama zitakula mpaka kukwirira mbali ya mano, chizindikiro cha munthu amene wamwa phenytoin zaka zambiri ngakhale kabuku ka kuchipatala katasowa.

Kenaka amatembenukira kwa mayi aja. "Mayi, takhuthulani zonse zili m'jumbomo." Pathebulo pamagwa timapepala ta pulasitiki tinayi kapena tisanu, zolemba zake zitafufutika, mapiritsi oyera okhaokha osiyana kukula. "Awa amamwa angati? Nanga awa? Adayamba liti? Alipo amene adasintha mwezi watha? Akaiwala m'mawa amatani madzulo?" Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amaulula. Mwina mankhwala akale atasowa adapatsidwa ena, akalewo atabweranso palibe adanena kuti asiye atsopanowo, ndiye akumwa onse. Mwina atagwa kawiri sabata imodzi, banja lidagwirizana kuti aonjezere piritsi usiku. Mwina amabweza masiku amene adadumpha. Mwina sabata zitatu zapitazo adayamba mankhwala a TB.

Ndikuona kuti gadiyani amapeputsidwa kwambiri pa ntchito imeneyi. Ndi iye amene amadziwa kuti wodwalayo samwa mowa, kuti kudzandiraku kudayamba Lachiwiri, kuti mwana wa zaka zitatu adapezeka akuseweretsa botolo la agogo. Kumuuza kuti adikire panja tisanamufunse ndi kutaya umboni wokhawo umene ulipo.

Komabe kupeza zizindikirozi sikutseka nkhani. Munthu wa khunyu wodzandira akhoza kukhala kuti adamenyetsa mutu pogwa ndipo magazi akuundana m'chigaza, akhoza kukhala ndi malungo, matenda oumitsa khosi kapena sitiroko, ndipo akhoza kukhala kuti wamwadi mowa pamwamba pa mapiritsi, zomwe zimakulitsa tulo. Poizoni wa mankhwala ayenera kukhala pamndandanda wa zoganizira, osati kufufuta zinazo.

Funso lina limafunika kufunsidwa motsitsa mawu, anthu ena atatuluka: kodi adamwa dala? Anthu odwala khunyu amavutika ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kuposa anthu ena, ndipo zifukwa zake sitisowa kuzifunafuna patali. Ana amachotsedwa sukulu, maukwati amatha, anthu amathawa wogwa poopa kuti malovu ake awapatsira, chonsecho khunyu sapatsirana. Phenobarbital naye akhoza kukulitsa kukhumudwa. Munthu wotere ali ndi mapiritsi a mwezi wathunthu pansi pa pilo. Banja likhoza kubisa chifukwa cha manyazi, ndipo likabisa, wodwala amatuluka m'chipatala n'kubwerera ku mavuto omwe aja ndi botolo lodzaza. Wofunsa afunse mosaweruza, ndipo woyankha anene zoona, kuti wodwalayo aonane ndi a zaumoyo wa maganizo asanapite kwawo.

Chithandizo, ndi msampha wa kusiya

Phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbital alibe mankhwala owasukulutsa. Chithandizo chake n'chosadzionetsera: kuimitsa mankhwalawo kwa kanthawi, kugoneka wodwala cham'mbali, kuteteza njira ya mpweya, kumuika pabedi loti asagwe ndi kumuperekeza kuchimbudzi, kuyang'anira kapumidwe, mtima ndi BP, n'kudikira chiwindi kuti chimalize ntchito. Kudikirako kukhoza kutenga masiku angapo, mwina kupitirira sabata, popeza chiwindi chodzazidwa chimachotsa pang'onopang'ono. Amene wamwa mapiritsi ambiri posachedwa ndipo ali maso akhoza kupatsidwa makala apadera a kuchipatala omwe amagwira mankhwala m'matumbo, ndipo kwa carbamazepine ndi phenobarbital makalawa amabwerezedwa kangapo. Si makala a pambaula. Zikafika poipa, makina osefa magazi amene ali m'zipatala zazikulu monga Gulupu ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe akhoza kuthandiza pa phenobarbital, carbamazepine ndi valproate. Kunyumba, kumwetsa mkaka, mazira aawisi kapena madzi a mchere kuti asanze munthu amene akusinza n'kumuika pangozi yoti masanzi alowe m'mapapo.

Tsono pali msampha umene ndikuuopa polemba nkhani ngati iyi. Wina awerenga, aona kuti mapiritsi a mwana wake ndi omwe atchulidwawa, n'kuwataya m'chimbudzi. Chonde ayi. Kwathu kuno anthu ovulala chifukwa chosowa mankhwala a khunyu ndi ochuluka kutalitali kuposa ovulala chifukwa chowachulukitsa. WHO imati m'maiko osauka anthu atatu mwa anayi alionse odwala khunyu salandira chithandizo chomwe akufunika. Aliyense amene adalowapo m'wodi ya anthu opsa ndi moto adaona manja ndi nkhope za amene adagwera pamafuwa. Kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi, makamaka phenobarbital, kukhoza kuyambitsa kugwa kosalekeza komwe kumapha m'maola ochepa. Ngakhale m'chipatala, kuimitsa mankhwala ochuluka kumachitika wodwala akuyang'aniridwa, diazepam ali pafupi, ndipo zizindikiro zikatha amayambiranso pamulingo wotsikirapo. Munthu akaona chizungulire chachilendo, kuona ziwiriziwiri, kuyenda mopepesuka kapena tulo tosatha, apite kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula mapiritsi onse a m'nyumba, a kwa asing'anga omwe, ndi makadi onse.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Mbali ya ubongo ya kunkhongo, imene imawongolera kayendedwe, ikakhala m'phenytoin wochuluka kwa miyezi kapena zaka ikhoza kufota, ndipo pamenepo kudzandira sikuthanso ngakhale mankhwala atachepetsedwa. Alipo anthu amene mudzi wonse udawazolowera kuti ndi opepera, oyenda mokhotakhota, ogona masana, n'kumati ndi mmene khunyu limathera. Ena mwa iwo chomwe chidawafikitsa apo ndi mulingo umene sudaunikidwenso kuchokera tsiku limene udalembedwa. Mwana wa pa phenobarbital amene wayamba kulephera m'kalasi kapena kuvuta khalidwe nayenso ayenera kuunikidwa, osati kukwapulidwa.

Njira zina zilipo. Levetiracetam sadalira kwambiri chiwindi, sakangana ndi ma ARV kapena mankhwala a TB, ndipo safooketsa kupuma monga phenobarbital. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa ESETT, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2019, adapeza kuti pa kugwa kosalekeza levetiracetam, valproate ndi fosphenytoin, m'bale wake wa phenytoin, amathandiza mofanana, aliyense pafupifupi theka la odwala. Ku Gulupu komweko, Gretchen Birbeck ndi anzake adayesa levetiracetam pa ana a malungo a muubongo. Mu 2023 WHO idamuika pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Naye ali ndi zovuta zake, amakwiyitsa ena msanga ndipo mulingo wake umachepetsedwa kwa a vuto la impso, komanso ndi wokwera mtengo kuposa akale aja. Koma kwa munthu amene ali pa dolutegravir ndi mankhwala a TB nthawi imodzi, kapena mtsikana amene adzafune kubereka, mtengowo uyerekezedwe ndi masiku a m'wodi ndi ma ARV olephera kugwira ntchito.

Pamene tikudikira kuti levetiracetam afike pashelefu ya chipatala chilichonse, zambiri zotheka sizifuna ndalama zochuluka. Kapepala ka mapiritsi kalembedwe dzina la mankhwala ndi mphamvu yake ndi cholembera chosafufutika, osati madontho okha a m'mawa ndi madzulo. Mankhwala akasinthidwa chifukwa ena asowa, m'kabuku mulembedwe kuti akalewo asiyidwe, ndipo wodwala abwereze ndi pakamwa pake zimene wamva. Wolemba isoniazid kapena fluconazole afunse ngati munthuyo amamwa za khunyu. Ogula mankhwala a boma akumbukire kuti kumene kuli piritsi la 100 mg lokha, dokotala alibe njira yoonjezera 25 mg. Ndipo aliyense amene wamuonjezera phenytoin apatsidwe tsiku lobweranso pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, nthawi imene mankhwala amakhala ataunjikana, kuti wina akamuyang'ane m'maso ndi kumuyendetsa pamzere wowongoka kuchokera pakhomo kukafika pathebulo.